Tsiku Limene Takondwa Anandikana Pamsika

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzaiuza munthu. Koma popeza anthu amene anaona ndi maso awo ndi ambiri, ndipo aliyense akuifotokoza akuithira nsinjiro zakezake, ndaona kuti bola ndiinene ndekha. Choyamba dziwani kuti sanandimange. Amene akunena kuti ndinagona m'chitokosi akunama. Chimene chinawonongeka ndi malaya okha, ndi kaulemu kochepa kamene ndinali nako.

Ndine mlimi wa mtedza kwathu kwa Zulu, bambo wa ana awiri. Woyamba ndi Takondwa, mtsikana wa zaka zisanu. Wachiwiri ndi Yamikani, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi miyezi iwiri yokha. Chinanso choti mudziwe n'chakuti ine ndili ndi mawu. Sindikunena oimbira (kwaya anandichotsamo mwaulemu kalekale). Ndikaitana munthu ndili kudimba, amayankha anthu atatu a midzi yosiyana. Ndinabadwa choncho. Ngakhale ndikamathokoza, mlendo amaganiza kuti ndayamba ndewu.

Takondwa anali mwana wosavuta. Ankadzuka yekha, kusamba osalira, n'kuthamangira ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu akuimba nyimbo zimene mawu ake ankangowadziwa theka. Koma Yamikani atangobadwa zinthu zinatembenuka. Mwana uja anayambiranso kukodza pamphasa, chinthu chimene anasiya kalekale. Anayamba kulankhula ngati khanda, kufuna kuberekedwa, kukana sukulu. Ukamukaniza kanthu kakang'ono, ankadzigwetsa pansi n'kumagubuduka m'fumbi mpaka kufanana ndi njerwa. Tsiku lina tinamupeza akumutsina mlongo wakeyo pamwendo. Titamufunsa chifukwa, iye anatifunsanso kuti kodi mwanayo timubweza liti kuchipatala.

Mankhwala anga anali amodzi, kukuwa. "Takondwa! Dzuka apo!" Ankadzukadi, koma pakangopita kanthawi ali pansi kachiwiri. Amake Takondwa ankati, "Abambo ake, mwanayu pali chimene chikumuvuta." Ine ndinkayankha kuti chimene chikumuvuta ndi matama basi.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti bungwe lina lakonza maphunziro a masiku atatu ku boma, a kaleredwe ka ana, ndipo komiti ya makolo ya pa mkombaphala paja itumize munthu mmodzi. Anasankha ine. (Ndimakonda kunena kuti anaona nzeru, koma zoona zake n'zakuti inali nthawi yokumba mtedza, ndipo m'komiti monse amene anali atamaliza ndinali ine ndekha.)

Wotiphunzitsa anali mayi wina wamfupi, wa magalasi, wolankhula modekha moti tonse tinkachita kutchera khutu. Anatiuza zinthu zimene sindinaziganizirepo chibadwire. Anati mwana nayenso amada nkhawa, amachita mantha, amakhumudwa, monga mmene amachitira munthu wamkulu, kungoti alibe mawu okwanira oti afotokozere. Ndiye zimene sangathe kunena ndi pakamwa amazinena ndi kulira, kuluma anzake kapena kukodza pogona. Ine apo ndinagwedeza mutu kwambiri, ndikuganizira ana a anthu ena.

Ndinalemba m'kope malangizo ambiri. Osakalipa. Lankhulani motsitsa. Tsikani mufanane naye msinkhu. Mwana akalusa musamupatse chimene akuliriracho. Muzipeza nthawi yocheza naye payekha. Panalinso gawo lina lonena za kumufunsa mwana ndi kumumvetsera, limene mayi aja anati ndiye lalikulu pa onse. Mwatsoka linabwera masana a tsiku lachiwiri, titangodya mpunga wa nkhuku, m'chipinda motentha. Chiyambi chake ndimachikumbukira, kuwomba m'manja kwa kumapeto ndimakukumbukiranso. Za pakatipo musandifunse.

Tsiku lachitatu anatipatsa satifiketi. Ndinaikulunga m'kapulasitiki, n'kuipinda bwino, ndipo kuyambira pamenepo inkakhala m'thumba la malaya anga kulikonse kumene ndapita, ngakhale kudimba.

Ndinayambira pa mawu. Nditafika pakhomo ndinapeza Takondwa ali pansi, akulira chifukwa amake anamuthirira phala m'mbale yobiriwira pamene iye amafuna yofiira. Ndinapuma katatu monga anatiphunzitsira, kenako ndinatulutsa kamawu kena kamene ngakhale ine sindinkadziwa kuti kamakhala m'khosi mwanga.

"Takondwa mwana wanga, ndikuona kuti wakhumudwa."

Mwana anasiya kulira nthawi yomweyo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amake, kenako anadzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Mwaona?" ndinanong'ona monyadira. "Zayamba kale kugwira ntchito."

"Kodi ku bomako mwatengako chimfine?" anafunsa amake Takondwa. "Ndikuwiritsireni mandimu?"

"Si chimfine, amake mwana. Ndi maphunziro."

"Ooh," anatero. Kanali ka-ooh kaja kamene akazi athu amanena akamaisunga nkhani kuti adzaigwiritse ntchito m'tsogolo.

Kenako ndinayesa zotsika msinkhu zija. Apa ndinene kuti ine ndine mkamwini, ndipo nyumba ya apongozi anga aakazi ili chapafupi moti ndikayetsemula amamva. M'mawa wina Takondwa anakana kuvala kuti apite kusukulu. Ndinagwada pabwalo, maondo onse awiri pansi, manja nditawaphatikiza pachifuwa (za manjazo sanatiphunzitse, ndinangoona kuti zikuyenerana), n'kuyamba kumunyengerera ndi kamawu kanga katsopano. Sindinaone kuti apongozi aima pambali ndi lichero m'manja. Iwo, mwa ulemu wake, sanalankhule ndi ine. Anaitana mwana wawo.

"Nabanda, tabwera kuno. Abambo akewa amulakwira chiyani mwanayu kuti afike pomugwadira? Ngati pali mlandu, tiitane ankhoswe."

Pofika masana nkhaniyo inali itafika pamjigo, ndipo amayi ena ondidziwa ankandipatsa moni akubisa pakamwa ndi chitenje.

Panalinso njira ya kampando. Mwana akalakwa, umamukhazika pa kampando kuti akhale phee kwa kanthawi, aganizire zimene wachita. Ndinasema kampando kokongola ndithu. Vuto linali lakuti Takondwa anakakonda. Ankadyera pomwepo, ankafuna kupita nako kusukulu, ndipo tsiku lina anataya dala madzi a m'chidebe n'kukakhalapo yekha asanauzidwe. Mapeto ake, nditagenda mbuzi za aneba zimene zinkadya mtedza umene ndinayanika, chibuma chinaphonya mbuzi n'kukaswa mtsuko wa amake. Takondwa anandigwira chala n'kundilondolera pa kampando paja. Ndinakhalapo. (Inu mukanatani? Lamulo ndinaika ndine.)

Patapita milungu iwiri, pakhomo panali bata ndithu. Mwana ankalirabe, kukodza sanasiye, koma ine ndikafika ankangoti zii, n'kumandisuzumira kuseri kwa chitseko. Kale ndikamachokera kumunda ankandithamangira kudzandilanda khasu. Tsopano ayi.

"Abambo ake, mwanayu akukuopani," anatero amake.

"Akundilemekeza," ndinanong'ona.

"Inenso ndayamba kukuopani. Mukumalankhula ngati muli pamaliro."

Sindinamvere. Panali patatsala langizo limodzi, lija locheza naye payekha. Ndinaganiza zoti Loweruka ndimutenge ku boma ndikamugulire nsapato, ife awiri basi, popanda khanda. Ndipo kuti zikome, ndinaona kuti ndi bwino ndisamuuze kumene tikupita.

M'mawa wa Lowerukalo amake anamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuveka diresi lake la kutchalitchi. M'kajumbo anamuikira diresi lina, kabudula wamkati ndi kachitenje, poti masiku amenewo ngozi zinkachitika nthawi ina iliyonse.

"Tikupita kuti?" anafunsa Takondwa ndikumukweza pa kaliyala ya njinga.

"Ukaona konko," ndinanong'ona ndikumwetulira.

"Amayi sapita nawo?"

"Ayi, amayi atsala ndi Yamikani."

Njira yonse sanalankhule. Anangogwira malaya anga mwamphamvu kumbuyoku. Ine ndikupalasa ndinkangoti mumtima, taonani bata limene maphunziro amabweretsa.

Njinga ndinaisungitsa kwa wokonza njinga wina, tinalowa mumsika wapansi, nditamugwira dzanja. Ogulitsa nsapato za ana tsiku limenelo anali atayala katundu wawo chapafupi ndi pamene pamaima magalimoto opita kumalire ndi Zambia, ndiye tinalunjika komweko. Oitanira anali pantchito.

"Boda! Boda! Wa ku Chipata akwere! Watsala mmodzi!"

Takondwa anangoti njo, kuima. Ndinamukoka pang'ono, osasuntha. Kenako anadzigwetsa pansi, ndi diresi la kutchalitchi lomwelo, pafupi ndi mayi wina wogulitsa mandasi, n'kutsegula kukhosi konse.

Ine katswiri ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana beseni la mandasi, ndipo ndinamvetsa zonse. Akufuna mandasi. M'kope mwanga munalembedwa bwino lomwe kuti musamupatse chimene akuliriracho. Ndinapinda manja n'kumayang'ana kumwamba ngati ndikufufuza mvula m'mwezi wa Juni. Mwana akulira, akumenyetsa miyendo pansi, akukuwa kuti, "Ndifuna amayi! Sindipita! Ndifuna amayi!" Anthu anayamba kucheuka.

Nditaona kuti zokhala chete sizikuthandiza, ndinagwada n'kuyamba kunong'ona.

"Khala chete mwana wabwino. Tiye, ndikakugulira kanthu kokongola. Tiye msanga anthu asatione."

Ndikamawakumbukira lero mawu amenewa, ndimamva mmene ankamvekera m'makutu mwa anthu. Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndikulankhula za m'buku. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, woitanira wina anafika n'kutola kajumbo kaja.

"Madala, ndi boda eti? Tiyeni, kamwanako mukakanyamula pamiyendo."

Kulira kwa Takondwa kunasintha, kunakhala kukuwa kwenikweni. Apa ndi pamene mayi wina wogulitsa tomato, wamkulu thupi, anadzuka pa benchi lake akumanga chitenje m'chiuno, ndipo kamangidwe kake kanali koonetseratu kuti sakupita kukavina.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wanga, mayi," ndinanong'ona.

"Nanga mukunong'oneranji?"

"Ndi njira yolerera ana, mayi."

Mayi aja anawerama. "Mwanawe, awa ndi ndani?"

Takondwa anandiyang'ana ndi maso odzaza misozi, n'kukuwa kuti msika wonse umve.

"Sindikuwadziwa! Si adadi anga awa!"

Kuno kumalire nkhani za ana obedwa n'kuwolotsedwa anthu sazitenga mwachibwana, ndipo sindiwada. Ndikanakhala ine m'gulu lija ndikanachita zomwezo, mwinanso kuposa. Ndisanaphethire n'komwe ndinali pakati pa anthu. Woitanira uja anaponya kajumbo pansi n'kunena kuti iye sakundidziwa. Wina anakatsegula, n'kutulutsa kadiresi ndi kachitenje, n'kuzikweza m'mwamba kuti onse aone. "Wamulongedzera kale katundu!" Mayi wina wa kutsidya, amene anabwera kudzagula mtedza, anakuwa m'kalankhulidwe kawo kuti, "Ni kawalala uyu, mugwileni!" (Kawalala kwawoko ndi wakuba.) Dzanja lina linandigwira pakolala kumbuyoku, ndipo ndinamva malaya anga a pa Sande akung'ambika mpaka pakati pa msana.

Munthu wanzeru apa akanakuwa. Ine ndinakumbukira kuti pamaso pa mwana sitikweza mawu. Ndinapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa satifiketi.

"Abale, ndine munthu wophunzitsidwa. Tawerengani apa."

Bambo wina wogulitsa zitsulo za njinga anailandira, n'kuiwerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi chala.

"Akuti anaphunzira za khalidwe ndi maganizo a ana."

"Mwamva?" anakuwa wina kumbuyo. "Amachita kuwaphunzitsa anthu amenewa! Mpaka satifiketi!"

Amene anandipulumutsa ku makofi anali bambo wina wachikulire wa komiti ya pamsika, wovala jekete lonyezimira ndi wenzulo m'khosi. Anaimba wenzulo yake katatu n'kulamula kuti aliyense abwerere m'mbuyo.

"Pano palibe womenya munthu. Bambo, mukuti mwanayu ndi wanu. Amake alipo?"

"Alipo, ali kumudzi."

"Aimbireni foni, muike poti tonse timve."

Ndinaimba. Kwathu netiweki imagwira bwino ukaima pafupi ndi chulu cha kuseri kwa khola, ndiye inaitana nthawi yaitali. Kenako ndinamva mawu a amake Takondwa, Yamikani akulirira chapafupi. Bambo a wenzulo anandilanda foni.

"Mayi, ndili pamsika kuno ku boma. Amuna anu ali kuti?"

"Apita komweko ndi mwana. Kwagwanji?"

"Tafotokozani, amaoneka bwanji?"

"Ndi aatali pang'ono, ali ndi kadazi pamutu, ndipo akalankhula simungafunse kawiri. Mawu awo amabalalitsa nkhuku pabwalo. Kungoti masiku ano..."

Foni inadukira pomwepo. Anayesa kuimbanso, osalowa. Anthu onse anayang'ana dazi langa, ndipo pa dazi anavomereza. Koma mayi a tomato anapukusa mutu.

"Dazi ali nalo aliyense. Mwamva okha, mwamuna wawo ndi wa mawu. Awa akulankhula ngati udzudzu."

Pamene akuluakulu ankakangana za dazi ndi udzudzu, palibe amene ankayang'ana mwana. Takondwa anapulumuka m'manja mwa mayi wa mandasi amene anamugwira, n'kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, ulendo wa kumsewu. Ndikuganiza kuti ankafuna kuthamangira kwawo kwa amake. Ndinamuona kudzera pampata wa mapewa a anthu, kadiresi koyera kakuuluka, ndipo chakumtunda kunkabwera thiraki yaikulu ya katundu.

Maphunziro onse anachoka m'mutu. Sindinapume katatu.

"TAKONDWA! IMA POMWEPO!"

Abale, msika unaima. Bambo a wenzulo anagwetsa foni yanga. Munthu wina amene ankasenza thumba la makala anakhala pansi. Nkhuku zimene zinali m'chitete cha wogulitsa wina zinayamba kulira zonse pamodzi. Ena amanena kuti ngakhale dalaivala wa thiraki anaponda mabuleki chifukwa cha mawu anga, koma zimenezo ndi nsinjiro zija ndanena. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mwana wanga anaima m'mphepete mwenimweni mwa msewu, thiraki inadutsa, mphepo yake n'kumuwulutsira diresi. Anatembenuka, anandiyang'ana, kenako anathamanga liwiro lonse n'kudzakumbatira mwendo wanga.

"Adadi! Adadi!"

Kenako mayi wa kutsidya uja anati, "Ah, ni beve," kutanthauza kuti ndi iwo ndithu, ndipo anthu anayamba kuseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke.

Mayi a tomato nawonso sanaseke. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kumutenga Takondwa kumukhazika pamiyendo. Anamupukuta misozi ndi mamina ndi nsonga ya chitenje, osafulumira.

"Tandiuza mwanawe. Unati awa si adadi ako chifukwa chiyani?"

Mwana sanayankhe. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhire, koma mayi aja anangondikwezera dzanja osandiyang'ana. Anadikira. Anadikirabe. Ine ndinkaona ngati papita chaka. Kenako Takondwa analankhula, akusewera ndi mkanda wa mayi aja.

"Adadi anga salankhula chonchi." Anayeserera kamawu kanga kaja, ndipo anakatha bwino moti ena anasekanso. "Chibwerereni akumalankhula ngati anesi akafuna kukubaya jakisoni."

"Nanga unkalirira chiyani? Mandasi?"

Anapukusa mutu. Mayi aja anadikiranso.

"Anati akandisiya ku Zambia. Poti apeza mwana wina."

Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira. Linali tsiku lina Yamikani ali ndi milungu itatu, tikuswa mtedza pakhonde ndi alendo amene anabwera kudzaona khanda. Takondwa ankalira kuti amake amunyamule. Ine, pofuna kuseketsa alendo, ndinati, "Iwe ukapitiriza kulira ndikakusiya ku Zambia, ife tapeza kale mwana wina." Alendo anaseka, ine ndinaseka, n'kuiwala tsiku lomwelo. Mwana sanaiwale. Anazisunga milungu yonseyo, yekhayekha. Ndiye taganizani mmene iye anazionera. Bambo ake apita ku boma masiku atatu, abwerako asintha mawu. Kenako tsiku lina amusambitsa, amuveka diresi labwino, amulongedzera zovala m'jumbo, amake atsala ndi mwana watsopano, kumene akupita sakumuuza, ndipo afika pamalo pamene anthu akukuwa kuti wa ku Chipata akwere.

"Bambo, munanenadi zimenezi?" anafunsa mayi a tomato.

"Zinali zocheza, mayi."

"Zocheza kwa inu. Mwana wa msinkhu uwu mukamuuza kanthu amakhulupirira. Adziwa bwanji kuti bambo ake akunama?"

Amayi ena amene poyamba ankafuna kundimenya tsopano ankangoyang'ana pansi, ndipo mmodzi anavomera yekha kuti naye amawauza ake kuti akawapereka kwa apolisi. Ndinagwada pomwepo, pa makoko a nzimbe, malaya ali pululu kumsana. Ulendo uno sindinanong'one, sindinakuwenso. Ndinapeza mawu ena apakati, amene ndimalankhulira ndi amake tikamakambirana za mbewu.

"Takondwa, ndinalakwa. Ndinanama tsiku lija. Palibe kumene ndidzakusiye, ngakhale ulire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

Anandiyang'anitsitsa ngati wogula akuyesa mtedza ngati wauma.

"Ngakhale ndikodze pamphasa?"

"Ngakhale ukodze."

"Ngakhale ndimutsine Yamikani?"

"Apo tidzakambirana. Koma ku Zambia ayi."

"Nanga kuno tabwera kudzatani?"

"Kudzakugulira nsapato."

"Bwanji simunanene?"

Funso limenelo anthu onse analivomereza. Bambo a wenzulo anandibwezera foni ndi satifiketi, imene inali itapondedwa ndi nsapato yamatope pakati penipeni. Mayi a tomato anamasula mapini awiri pa bulauzi yawo n'kundilumikizira malaya kumsana, akundiuza kuti ndisapume mwamphamvu. Amene anandigwira pakolala sanadziwike mpaka lero, ngakhale ndili ndi amene ndikumuganizira.

Nsapato tinagula, zofiira. Anakana kuzivala kuti zingade, anangozikumbatira pa kaliyala, ndipo pobwerera anaimba njira yonse. Tili pakati pa ulendo tinakumana ndi amake ali pa kabaza, Yamikani kumsana, nkhope ili gwa ndi mantha, poti chidukireni foni ija sanadziwe chimene chachitika. Anatsika, anamugwiragwira mwana mutu ndi manja kuona ngati ali bwino, kenako anazungulira kumbuyo kwanga n'kuyang'ana mapini aja nthawi yaitali.

"Abambo ake," anatero, "maphunziro akuyenda bwanji?"

Ka-ooh kaja kanali katapeza ntchito yake.

Mlungu wotsatira ndinapalasa njinga mpaka kwa Mavwere, kwa bambo wina amene tinali limodzi ku maphunziro kuja, kukabwereka kope lake kuti ndione zimene zinanenedwa masana a mpunga wa nkhuku. Zonse zinalimo. Mufunseni mwana, kenako khalani chete, mudikire. Muuzeni kumene mukupita naye. Musamuopseze kuti mumusiya kapena kumupereka kwa ena, ngakhale mocheza. Mayi wa magalasi uja sanalakwitse chilichonse. Chimene ine ndinagona chili mkati, mayi a tomato ankachidziwa popanda kope.

Sindinama kuti zinthu zinasintha tsiku limodzi. Kukodza kunatenga nthawi, kunkachepa pang'onopang'ono. Amake anayamba kumupatsa Takondwa ntchito yosankha kamalaya kamene Yamikani avale, ndipo tsopano amauza aliyense kuti mwanayo ndi wake, ife timangomusungira. Ine madzulo ndikamachokera kumunda ndimakhala naye pakhonde n'kumufunsa za tsiku lake, kenako ndimayesetsa kutseka pakamwa. Ndi ntchito yovuta kuposa kupalira. Nthawi zina amandiuza zinthu zazikulu, monga kuti amaopa galu wa pafupi ndi sukulu. Nthawi zina amandifotokozera za nyerere mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Kumsika kuja timapitabe, chifukwa mtedza ndimagulitsa komweko ndipo kulibe kothawira. Tikangotulukira, amayi aja amayamba kugwirana. Mayi a tomato amadzuka, n'kuwerama mwaulemu wonse, n'kufunsa mokweza kuti onse amve, "Mwanawe, awa ndi ndani?"

Ndipo mwana wanga, amene ndinamupepesa nditagwada pa makoko a nzimbe, sayankha msanga. Amayamba wayang'ana beseni la mandasi, kenako amayang'ana ine, n'kudikira. Kudikirako anaphunzira bwino kuposa ine.

Ndimagula awiri.